ARula ndi Matabu a Mwini Mabasi

Dzina loti aRula analitenga kushopu yosindikiza mapepala, kumene anagwirako ntchito zaka khumi ndi chimodzi. Shopuyo inali kachipinda kopanikizika pakati pa malo ometera tsitsi ndi sitolo ya nsapato, ndipo mkati mwake munkanunkha inki ndi mapepala otentha. Mayiyu ankataipa makalata ofunsira ntchito, makadi ndi zina zotero, koma pepala silinkachoka m'manja mwake asanaliyeze ndi rula mbali zonse zinayi. Kasitomala akamadandaula kuti akuchedwa, iye ankangoti, "Dikirani pang'ono bambo, mzerewu wapendama." Anzake anayamba kumutchula choncho mwachipongwe, kenaka dzinalo linamukanirira, moti ngakhale mwamuna wake ankamuitana aRula akafuna kumuseketsa.

Kwawo anabadwa awiri okha, iye ndi mng'ono wake wamkazi. Bambo awo atamwalira, aRula anasiya sukulu atatsala pang'ono kumaliza kuti mng'onoyo apitirize, ndipo nkhani imeneyi sankaitchula kwa munthu. Zolemba makhodi, malamulo aja amauza foni kapena kompyuta chochita, anaziphunzira yekha. Munthu wina anabweretsa chibuku chachikulu kuti amupangire fotokope, osabweranso kudzachitenga. ARula anayamba kuchiwerenga nthawi ya nkhomaliro anzake akapita kokadya, n'kumayeserera pa kompyuta ya kushopuko. Panatha zaka zinayi kuti apange kanthu koyamba koyenda pafoni, kokumbutsa tsiku lomwe kasitomala adzatenge ntchito yake.

Mng'ono uja anakwatiwa ndi mwamuna wa pakamwa pa shuga, amene anatsegula kampani yopanga mapulogalamu a pafoni, omwe anthu amangoti maapu. Iye mwini sankalemba ngakhale mzere umodzi wa khodi. Luso lake linali kuyankhula ndi kuvala jekete. Tsiku lina ataona kanthu kaja pafoni ya aRula, anagwira pakamwa.

"Alamu, inu mukuwola m'kashopu muja," anatero. "Bwerani kwathu. Kampaniyi ndi ya pabanja, ikakula tikulira limodzi."

Mwamuna wa aRula, yemwe ankawotcherera zitsulo kuseri kwa nyumba yawo, sanakondwe nazo. "Mayi, ntchito ya pachibale khomo lolowera ndi lalikulu, koma lotulukira mudzalifuna," anatero akuvula magalasi ake akuda. Koma ataona nkhope ya mkazi wake mmene inawalira, anangowonjezera kuti, "Pitani, mukayese."

Ofesi inali pamwamba pa sitolo yogulitsa mankhwala. Munali matebulo anayi, fani yopukusa mutu ngati ikukana zinazake, ndi chipinda cha mlamu chotchingidwa ndi thabwa lopyapyala. ARula anamupatsa tebulo lapafupi ndi sinki. Nthawi imeneyo kampaniyo inali itangopata ntchito yaikulu: kupanga apu yogulira matikiti ya kampani ina ya mabasi. Zamkati, monga za mipando ndi kalipiridwe, anapatsidwa amuna awiri omwe anali ndi mapepala a kukoleji. ARula anapatsidwa matabu, timabatani tija timandandalikana kumunsi kwa sikirini, toti ukadina kamodzi umapita mbali ina ya apu, ukadina kena umapita kwina.

"Kantchito ka sabata imodzi aka," anatero mlamu. "Muyambire pamenepa kuti muzolowere."

Kanamutengera masabata asanu ndi awiri. Asanalembe chilichonse, anapita kusiteji ya mabasi m'mawa masiku atatu, n'kuima pambali kumangoona anthu. Anaona kuti munthu wokwera basi alibe manja awiri. Dzanja lina lanyamula chikwama kapena lagwira mwana, ndipo foni amaiyendetsa ndi chala chachikulu chokha. Choncho anaganiza kuti matabu akhale anayi basi, aakulu bwino: Maulendo, Tikiti Yanga, Katundu ndi Thandizo. Iliyonse anaipatsa kachithunzi, mawu pansi pake, kuti wosatha kuwerenga aone chithunzi, wosamvetsa chithunzi awerenge.

Mavuto anabwera limodzi ndi limodzi ngati alendo osaitanidwa. Munthu akalemba kumene akupita, n'kudina tabu ina kuti aone mtengo wa katundu, pobwerera ankapeza zonse zafufutika. ARula analimbana nazo masiku asanu mpaka tabu iliyonse inayamba kukumbukira pomwe mwini wake anasiyira. Kenaka anabwereka foni ya mayi wokolopa mu ofesimo, yaing'ono, yosweka galasi, n'kupeza kuti mawu oti Tikiti Yanga akuduka pakati. Atakonza zimenezo, anatulukira nayo panja n'kuona kuti padzuwa sizikudziwika kuti tabu yomwe yatsegulidwa ndi iti, ndiye anaika kamzere kokhuthala pamwamba pake. Kunyumba ankayesera pa mwamuna wake, amene zala zake zinali zikuluzikulu, zolimba ndi zipsera za moto.

"Dinani pa Katundu, bambo."

"Ndadina. Chatuluka n'china."

"Dinaninso."

"Mayi, kodi vuto ndi foniyi kapena chala changachi? Mukufuna ndichisonge ndi gulayinda?"

Onse anaseka, koma kutacha aRula anakulitsa malo odinapo kufikira chala cha mwamunayo chinasiya kuphonya. Chomaliza, anakonza zoti tikiti izitseguka ngakhale pamalo opanda netiweki, chifukwa anaona mayi wina kusiteji kuja atakweza foni m'mwamba ngati akupempha mvula, basi ikumusiya.

Tsiku loonetsa ntchito, mwini mabasi anabwera yekha. Anali bambo wonenepa, wa mafoni awiri, amene anayamba waponya makiyi a galimoto patebulo asanapereke moni. Anadinadina apuyo n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Kenaka anakwinya nkhope.

"Nanga ine ndili pati muno?"

Onse anayang'anana.

"Mabasiwa ndi anga. Ndikufuna tabu ya Uthenga wa Bwana, pakhale chithunzi changa. Ina ya Mphatso. Ina ya Nkhani Zathu. Ndipo yangayo ikhale pakati."

ARula anadikira kuti mlamu ayankhe. Mlamu anali kulemba m'kabuku uku akumwetulira. Pamenepo mayiyo anayankha yekha.

"Pepani bwana. Asanu ndi awiri sangakwane mumzere umodzi. Tikawapanikiza achepa, koma chala cha munthu sichichepa nawo. Zitatuzo tikhoza kuziika pamodzi mu tabu yachisanu, tiitchule kuti Zina."

"Ine?" anatero mwini mabasi akudziloza pachifuwa. "Ine ndikhale mu Zina?"

Mlamu anaseka chikhakhali. "Musavutike nawo bwana. Awa ndi alamu anga, tinawatenga kofotokopa, akuphunzira kumene. Matabu si nkhani, ngakhale khumi tikuikirani."

Amuna awiri a kukoleji aja anaseka nawo, ngakhale ankadziwa bwino lomwe kuti mayiyo akunena zoona.  ARula anayang'ana pansi, pa nsapato zake zomwe anazipukuta mwapadera m'mawa umenewo, mpaka mlendo anatola makiyi ake.

Anachita zomwe anauzidwa. Anachepetsa zithunzi, mawu n'kuwafinya mpaka anakhala ngati nyerere zili pamzere. Matabu anayi akale aja sanawataye, anawasunga mu foda yakeyake pa kompyuta yaikulu ya ofesi. Analemberanso mlamu uthenga wofotokoza bwinobwino zomwe zidzachitike pakhomo la basi. Uthengawo unawerengedwa, koma yankho silinabwere.

Apu itatuluka, zinachitika monga ananenera. Tabu ya Tikiti Yanga inagundizana ndi ya Uthenga wa Bwana. Munthu akafika pakhomo la basi, kondakitala atatambasula dzanja, ankadina kuti aonetse tikiti, m'malo mwake kunkatuluka nkhope ya mwini mabasi ikumwetulira mano onse panja. Ankadinanso, nkhope yomweyo. Kumbuyo mzere unkatalika, anthu akutukwana, mabasi akunyamuka mochedwa. Makondakitala anayamba kukuwa kuti, "Tikiti amayi, osati abwana, abwanawo tikuwadziwa!" Nthabwala imeneyi itafika m'makutu mwa mwini wake, anakwera masitepe a ofesi ija akupuma ngati ng'ombe.

ARula sanaitanidwe mu chipinda cha mlamu, koma thabwa lija silinkabisa kanthu. Anamva zonse ali pa tebulo lake.

"Kulakwa ndi kwanga bwana, ndivomere," ankatero mlamu ndi mawu ofewa. "Ndinapereka ntchito kwa munthu wosaphunzira chifukwa cha chifundo. Mukudziwa za pachibale. Koma ndithana nazo."

Mayi wokolopa, yemwe ankatsuka makapu pa sinki, anatseka mpopi n'kumuyang'ana. ARula anapitiriza kuyang'ana pa sikirini, manja ali pamiyendo.

Mlamu sanamuuze yekha. Loweruka m'mawa kunabwera mng'ono wake kunyumba, ali ndi pakati pooneka, n'kukhala m'mphepete mwa mpando atafumbatira chikwama.

"Achemwali, akuti mupume kaye. Zinthu zikazizira adzakuitanani."

"Ndipume? Ndadwala?"

"Musatero achemwali."

"Ndinawalembera uthenga amuna akowo. Ndinawachenjeza. Uli mufoni muno, tsiku lake ndi nthawi yake. Ndikhoza kuwatumizira eni mabasi lero lomwe."

Mng'onoyo anayamba kulira. "Ndikudziwa. Anandionetsa. Koma mukatero ntchito ija awalanda, ndipo mlandu udzakhala wanga m'nyumba muja. Mukuona mmene ndililimu. Ndidzapita kuti?"

ARula anamuyang'ana. Anali mwana yemwe uja ankamuchapira yunifolomu, ankamuluka tsitsi pakhonde. Anadzuka, n'kukamutengera madzi akumwa.

Patapita masiku anayi, foni inalira masana aRula akuyanika zovala. Anali mlamu. Moni wake unali wachidule.

"Alamu, matabu anayi aja munawataya? Anyamatawa ayesa kupanga ena koma akuti zolemba zikumafufutika munthu akasintha tabu. Eni ake akufuna zikonzeke pofika Lachisanu."

Mwamuna wa aRula anali atazimitsa makina ake ndipo anamva. Anayandikira akupukusa mutu mwamphamvu. "Musawapatse," ananong'ona. "Aphika okha, adye okha."

ARula anaima ndi malaya onyowa paphewa, madzi akudontha pa chigongono. Mumtima mwake ankafunitsitsa kunena kuti anafufuta. Palibe akanadziwa. Koma ankadziwanso yemwe akanamva kuwawa kwa Lachisanu limenelo kuseri kwa chitseko, ndipo sanali mlamu, koma mng'ono wake. Anatchula dzina la foda ija, n'kufotokoza pomwe ili.

"Chabwino," anatero mlamu, n'kudula.

Mwamuna wa aRula anabwerera ku zitsulo zake. Tsiku limenelo anamenya chitsulo chimodzi ndi hamala mpaka aneba anasuzumira pampanda.

Mlamu sanamuitanenso. ARula anabwerera kushopu yakale, koma pa kompyuta pake panali patakhala kale mayi wina. Mwini shopu anamulandira mwaulemu ndithu, n'kumupatsa ntchito yomanga mabuku ndi kukutira ziphaso m'pulasitiki, ntchito yoimirira tsiku lonse pafupi ndi makina otentha. Miyendo inayamba kumutupa. Apu ya mabasi ija inayamba kutamandidwa kuti ndi yosavuta, yoti ngakhale agogo akhoza kuigwiritsa ntchito. Kampani ya mlamu inatenga matabu omwewo n'kuwaika mu apu ya sitolo ya mankhwala, kenaka ya sukulu ina, kungosintha mitundu ndi mawu. Inasamukira m'nyumba yaikulu ya magalasi. Makasitomala akamasewera ndi mafoni awo podikira mapepala, aRula ankaona ntchito yake ikuyenda pansi pa zala zawo, iye n'kumangofunsa kuti, "Chikuto chakuda kapena chabuluu?" Makhodi sanalembenso.

Mng'ono wake atabereka, aRula anapempha kuweruka msanga n'kupita kuchipatala ndi mabulangete awiri a mwana. Pakhonde la wodi anapeza mlamu atazunguliridwa ndi anzake, jekete paphewa, akufotokoza.

"Ine ndinangoona kamodzi n'kunena kuti ayi, munthu wokwera basi amagwiritsa chala chimodzi. Ndinati anayi basi. Tsiku limodzi lokha, zonse myaa."

Atatembenuka n'kumuona, sanachite ngakhale kuphethira. "Aaa, alamu! Mwasowatu. Lowani mukaone mlendo."

ARula analowa. Mng'ono wake anamupatsira mwanayo osamuyang'ana m'maso, ndipo anakambirana za mkaka, za tulo ndi za dzina lomwe linali lisanapezeke. Anakhala mphindi makumi awiri, n'kutsanzika.

Atafika kunyumba anapeza mwamuna wake akusamba m'manja pampopi.

"Mwana ali bwanji?"

"Ali bwino," anatero aRula akuvula nsapato, miyendo itatupa. "Wafanana ndi bambo ake."