Gasiketi ya alamu anga

Ndinali mkamwini ku Likoswe, ndipo mkamwini wodziwa sipanala salipidwa, amangotumidwa. Alamu anga, achimwene awo a mkazi wanga, ndiwo anali mwini mbumba. Anali ndi pikapu yonyamula nandolo, imene ankaikonda kuposa anthu.

Tsiku lina anaiyendetsa yopanda madzi mpaka gasiketi yomatira hedi, mutu wa injini, inapsa. Nditatsegula injini, ndinagoneka rula yachitsulo pa hedi, kuwala n'kumadutsa pansi pake.

"Alamu, hediyi yapindika," ndinawauza. "Ipite ku Limbe akaipale. Mabawutinso atanuka, pafunika atsopano."

"Mawa pali chinkhoswe cha mdzukulu wanga," anatero. "Mangani lero. Kapena mwatopa nawo mudzi uno, akamwini?"

Ndinayang'ana mkazi wanga. Anali kupeta, sanadzutse mutu.

Ndinapala zotsalira za gasiketi yakale, n'kupukuta mabowo a mabawuti. Ndinayamba kumanga kuchokera pakati, pang'onopang'ono, monga zimafunikira. Alamu anati ndikuchita dala. Anandilanda sipanala, n'kuisomeka m'paipi kuti amange mwamphamvu, n'kuyamba kukoka bawuti yakumapeto, phazi litaponda bampala. Anthu anawachemerera kuti mwamuna ndi ameneyo.

M'mawa mwake pikapu inanyamula azimayi oimba. Isanafike pa Njuli, utsi woyera unatuluka kumbuyo, injini n'kuzima. Oyilo anali atasakanikirana ndi madzi, ngati tiyi wamkaka. Azimayi anafika kuchinkhoswe wapansi, zitenje zili fumbi lokhalokha.

Pabwalo la banja, onse amene anaona paipi ija anali ataiwala. Anati ndinawononga galimoto chifukwa cha nsanje. Azakhali a mkazi wanga anaseka, amvekere, "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka." Anandiponyera thumba la masipanala pakhonde la nyumba imene njerwa zake ndinaumba ndekha. Ndinapempha kuti nditenge mwana wanga wamkazi, amene anali wakhanda. Anati ana ndi a kuchikazi, ine ndinabwera ndi thalauza lokha.

Chaka chatha, patapita zaka zingapo, ndinadutsa kumeneko pa kabaza. Pikapu ili pamiyala, nkhuku zikuikiramo. Mwana wanga anali pachiwongolero, akusewera ndi anzake. Sanandizindikire. Ndinamufunsa kuti galimotoyo inatani.

"Anaipha ndi abambo anga," anayankha mosangalala. "Anali munthu woipa. Amalume anawathamangitsa."