Amayi aona mathero amene ankadulidwa

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ku holo ya kuboda kunali chikondwerero cha kanema wakale wachikondi uja, amene nkhani yake imachitikira konkuno ku Mchinji. Ndinapita ndi amayi.

Iwo anamuonera ali mtsikana, nthawi ya chipani chimodzi, pomwe mbali zopsompsonana ankazidula. Zaka zonsezi ankangodziwa kuti dalaivala wa m'kanemayo anawolokera ku Zambia osabwerera.

Lero amuonetsa yense. Munthu uja anabwerera! Kungoti pobwererapo panali kupsompsonana, n'chifukwa chake mbaliyo ankaidula. Amayi anaimirira holo yonse ikuona, n'kukuwa kuti, "Kani anabwera!"

Potuluka andinong'oneza kuti, "Ukawauze a Mbewe kuti ndaganiza bwino." A Mbewe ndi adalaivala aja akhala akuwafunsira chimwalirireni bambo, amayi n'kumakana kuti munthu wa pamsewu sabwerera.

Ndiye abale, amalume tiwauze liti?