Mayina Asanu ndi Awiri Apita ndi Sandipepa

A Mkonzi, mmisiri wina wokhoma ndowa pa Malomo wandifufutira mayina asanu ndi awiri. Limodzi linali la bambo anga.

Malemu bambo ankaliza lipenga lalikulu la besi, lija amati tuba, mu bandi ya ku mishoni. Bandiyo itatha, lipenga linaiwalika m'chipinda cha kutchalitchi mpaka mavu anamangamo. Akulu ampingo anandipatsa ine. M'kamwa mwa lipengalo woliza aliyense ankalemba dzina lake ndi msomali. Bambo anali omaliza, ndipo sanasiye cholembedwa china ndi dzanja lawo.

Mayina atatu ankawerengeka, la bambo ndi ena awiri. Ndinapalasa njinga mpaka ku Chezi ndi ku Nachisaka, abale a awiriwo ndinawapeza. Anayi otsala anali pansi pa dzimbiri. Ndinkapukuta pang'onopang'ono ndi mandimu ndi kansalu, chilembo chimodzi pa sabata.

Kenaka kampope kamodzi kanamatuka. Lolemba 8 koloko m'mawa ndinamangirira lipenga panjinga, ndinaonetsa khadi ya chipani pachipata cha msika, ndinafika kwa mmisiri. Ndinati amate pomatuka pokhapo, kukamwa asakhudzeko. Ndinanena kawiri. Iwo anati ndisade nkhawa, ndibwere Lachinayi.

Lachinayi akuti atanganidwa ndi makeni, anthu akuthirira nazale za fodya. Loweruka akuti apita kumaliro. Lachiwiri 2 koloko masana anatuluka nalo akumwetulira. Linali mbee, ngati mbale yatsopano.

Ndinasuzumira m'kamwa. Mosalala.

"Mayina aja ali kuti?"

"Zokandakanda zija? Ndachotsa, bambo. Ndimayesa ndi ana. Sandipepa wake ndi wanga, simulipira."

Ana ati olemba mayina pamzere, wina pansi pa mnzake?

Sizinathere pomwepo. Akuti analithira madzi, monga amayesera ndowa, kuti aone podontha. Kabowo kotayira malovu, kamene anakaboola dala opanga lipenga, anakamata ndi mtovu.

"Tsopano silikudontha olo pang'ono," anatero, akudikira kuti ndithokoze.

"Akulu, ndinati ndikufuna kutungira madzi?"

"Aaa, bambo, inunso! Mayinawo si mungolembanso? Msomali nawu."

Ndilembe ndine? Dzanja la bambo ndilitenga kuti? Nanga anayi aja, amene ndinangofika pa "Yos" ndi "Mak"?

Sindinakweze mawu. Ndinamangirira lipenga panjinga. Chitunda chonse ndinakankha wapansi, ndipo kuyambira tsikulo ntchito sikugwirika.

Inu a ku Ntchisi ndi ku Dowa, chinthu chakale musamusiyire mmisiri. Khalani pomwepo, maso pa manja ake.

Ndipo ngati kwanu kuli nkhalamba imene inalizapo lipenga lolemera lofungatira pachifuwa, kapena ikukumbukira amene ankaliza, ifunseni lero, musadikire mawa. Tumizani mawu kudzera kwa a Mkonzi, ndibwera panjinga. Mayina anayi aja atsala m'mitu ya anthu basi, ndipo anthuwo akutha.