Mlatho wa pa Disiki Yachiwiri

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene madzi a mvula analowanso m'nyumba mwathu ku Kanyama n'kuwononga kompyuta ya akulu anga, ba Yotamu. Inali nkhalamba ya kompyuta, koma tinakulira pamenepo. Munali gemu ya nkhani yaitali: umasankha anzako oyenda nawo, umasankhanso mawu oyankha aliyense. Ba Yotamu ankawerenga Chizungucho n'kumandimasulira, ine n'kumadina mabatani. Disiki yachiwiri inali yokalika, moti tikangofika pa mlatho wina zonse zinkauma. Sitinawolokepo.

Ku Joni ndinkatsuka magalimoto, mapepala ndilibe. Malipiro ankathera lendi ndi buledi. Sabata inkatha osamva munthu akunditchula dzina, ndipo masiku ena ndinkalira m'bafa. Kenako ndinapeza kuti gemu ija aitulutsanso pa intaneti, yathunthu, yosafuna disiki. Ndinadzimana chakudya mpaka ndinagula kalaputopu kong'aluka pakona. Zithunzi za gemuyo n'zachikale ndithu, koma anthu a m'menemo ankandidikira, ndipo ndikayankha ankandimvera.

Ndinkawafotokozera ba Yotamu zonse pafoni. Iwo anali atasiya kulemba mameseji, ankangotumiza mawu ojambulidwa. "Ukafika pa mlatho uime, mufana. Tizawoloka tonse."

Ndinafika pa mlathopo, ndipo ndinaima. Ntchito itatha ndinagulitsa foni, nsapato ndi bulangeti kuti ndikwere basi yobwerera kwathu, koma laputopuyo ndinaikakamira.

Mlamu, mkazi wawo, anandilandira pakhomo osandiyang'ana kumaso. Ba Yotamu anali pampando, ataonda. Nditawapatsa moni anatambasulira dzanja kumbali, kumene kunalibe munthu.

"Ni shuga, yanabapaya menso," anatero mlamu. "Banatilesa kukuuza. Benze kuyopa kuti uzasiya nchito."

Ba Yotamu sankaonanso. Ndinakwiya, kenako mantha anandigwira. Ndinabwera kuti abale andinyamule, osadziwa kuti iwonso akudikira ine, munthu wa chikwama chimodzi.

"Wabwela nayo?" anafunsa ba Yotamu.

Magetsi anali atapita, batire itatsala pang'ono. Ndinayatsabe. Mlatho uja unaoneka, mlonda wake n'kutulutsa mizere yaitali ya Chizungu. Ndinakhala duu, kudikira mwachizolowezi kuti andiwerengere.

"Nanga akamba chani?" anatero iwo.

Ndinatenga dzanja lawo n'kuliika pa mabatani, ndipo ndinayamba kuwerenga modukizadukiza.