Nyimbo ya Ndowa

Ndinayamba kuimba kwaya patchalitchi pathu kuno ku Lobi ndili mtsikana, koma za masewero ndinazidziwa nditabereka kale ana atatu. Anazibweretsa ndi aphunzitsi ena amene anatumizidwa kusekondale yapafupi ndi kwathu. Anali munthu wamtali, wowonda, wosabisa mawu. Lamulungu loyamba kulowa m'kwaya anatiuza kuti abambo oimba besi akumveka ngati ng'ombe zodikira dibi. Tinawada kwa kanthawi, kenako tinazolowerana.

Aphunzitsiwa analemba sewero loti nkhani yonse iziyenda ndi nyimbo, ng'oma ziwiri, gitala ndi visekese. Linali la mayi wolima mbatata ya kachewere, mwamuna wake atalowera ku Joni osamvekanso. Mayiyo ndinkakhala ine. Chapakati pake panali nyimbo imene mayi uja amaimba ali m'mbali mwa msewu, venda akumuyezera mbatata ndi ndowa yoti anaifewetsa pamoto n'kuifutukula mimba kuti izilowa yambiri. Aliyense wolima mbatata kuno amaidziwa ndowa imeneyo. Titaimba koyamba pabwalo la tchalitchi, amayi ena anakhala pansi n'kufunda chitenje kumaso.

Ndiye aphunzitsi anati tipite nalo kuboma, m'holo yolipiritsa pakhomo, mwina gulu lingamadziimire palokha. Tinkasewera Loweruka masana kuti tizibwerera kusanade. Bambo wina wachisilamu wa golosale pafupi ndi msika anatibwereka zokuzira mawu, natipatsanso nsalu yosokera zovala. Anati, "Za kutchalitchi kwanu sindizidziwa, koma ya ndowa ija ndi ya mayi anga." Munthu ameneyo sanatipempheko kanthu mpaka lero.

Holo inkadzaza, koma chitini cha ndalama za pakhomo chinkalira ngati muli miyala itatu. Pakhomopo pankaima mlamu wanga, mchimwene wa amuna anga, munthu waulemu wake. Mabwana a m'maofesi ankabwera ndi akazi awo, ana awo, nthawi zina ndi wantchito yemwe, n'kungomuyang'ana kuti, "Kodi simukundidziwa?" Mlamu ankapatuka. Iwo ankakakhala kutsogolo, miyendo itasanjikizana. Sewero likatha ankatigwira chanza, amvekere, "Mwatikweza ife a ku Dedza." Ana olowera pawindo sindinawakwiyirepo. Amene ankandiwawitsa mtima ndi munthu wofika pagalimoto, nsapato zikunyezimira, woti mtengo wa pakhomo sukufika ngakhale pa botolo limodzi la zomwe amamwa madzulo.

Ena ankatijambula pafoni. Pasanapite nthawi anyamata oika nyimbo m'mafoni pamsika anali akugulitsa nyimbo ya ndowa. Tsiku lina ndinadzimva ndekha ndikuimba m'minibasi, kondakitala akundikankha kuti ndisendere. Ndinamuuza kuti mawuwo ndi anga. Anaseka, nati ndilipire kaye.

Pomwepo zinthu zinali zikukwera tsiku ndi tsiku. Woyang'anira holo anakweza mtengo, ati a maukwati ndi a misonkhano ya mapemphero sanenerera. Mwini lole yotinyamula ankati mafuta akuwagula mwa mavenda. Magetsi akazima, jenereta inkafuna mafuta akenso. Kumudzi madimba athu ankauma ife tili kokonzekera. Amuna anga sankandiletsa, koma ankati akabwera kudimba n'kundipeza ndikusita zovala za sewero, ankangokakhala pakhonde paokha. Kenako tinayamba kuwaona aphunzitsi akuyenda wapansi. Njinga yawo yamoto anali atagulitsa mwakachetechete. Titawafunsa anati inkawavuta injini.

M'nyengo yozizira, nkhungu ikuchita kutsika m'mapiri mpaka masana, kunabwera uthenga woti bwana wina akutifuna. Anali mwini malole amene amatenga mbatata kuno kupita nayo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo mavenda ambiri a mumsewu ndi anyamata ake. Tinapita atatu: aphunzitsi, mlamu ndi ine. Anatikhazika pakhonde, natiitanitsira zakumwa zozizira ife tikunjenjemera kale.

"Luso lilipo," anatero. "Holo ndizilipira ine. Lole ndi yanga, mafuta ndi anga. Ndikusindikizirani malaya, dzina langa kumsana."

Mlamu anawomba m'manja mwaulemu. Ine ndinadikira, chifukwa mawu a bamboyo anali asanatsike.

"Koma kanyimbo ka ndowa kaja kachoke. Kakuipitsa anthu ochita bizinesi. Aphunzitsi alembe kena, kothokoza amene amabweretsa msika pakhomo pa mlimi."

Ndinati, "Bwana, ndowa yofutukula ija ndinaipeka ine kapena ilipo?"

"Amayi, ine sindiyeza mbatata. Ndimagula matumba."

"Nanga odzaza matumbawo ndi a yani?"

Anatembenukira kwa aphunzitsi ngati ndalankhula ndi mphepo. "Mukaganize. Ine sindikakamiza munthu."

Aphunzitsi, munthu amene ankatikalipira tikaphonya mawu amodzi, anangoyang'ana botolo lawo.

Lamulungu Misa itatha tinakumana kuseri kwa tchalitchi, gulu lonse. Ndinalankhula mpaka mawu anasasa. Ndinati sewero lopanda ndowa ndi chitenje chopanda mwini wochivala. Ndinati munthu amene watidyera thukuta m'munda akufuna atidyerenso pakamwa. Mlamu anandiyankha mofatsa, ndipo kufatsako ndi kumene kunandipweteka.

"Mlamu, mkwiyo sulipira lole. Mbuzi yanga inapita chifukwa cha seweroli, simunamve ndikudandaula. Tichotse nyimbo imodzi, zinazo zikhale."

"Zinazo n'za chikondi ndi maliro. Zimenezo aliyense amaimba."

Ndinayang'ana aphunzitsi kuti andithandize. Anati, "Ndatopa, amayi. Ndalemba kale inayo."

Ambiri anavomera. Ine ndinati mayi wa m'seweroyo apeze pakamwa pena. Anasankha mtsikana wina wa mawu abwino ndithu, mwana wa mnzanga, ndipo ndilibe naye mlandu.

Loweruka lake ndinakwera minibasi pandekha. Ndinalipira pakhomo ngati mlendo, mlamu akulandira osandiyang'ana kumaso, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni. Anzanga anatuluka atavala malaya achikasu, dzina la bwana kumsana. Bwanayo anali atakhala kutsogolo ndi anzake. Sewero linayenda bwino mpaka pamene mtsikana uja anaima ndi matumba ake n'kuyamba kuthokoza ogula. Anthu anayang'anana. Mayi wina wogulitsa tomato anafunsa mokweza kuti, "Nanga ndowa ili kuti?" Wina anayambitsa nyimbo yakale ija chapansipansi, mbali yonse ya kumanzere inalandira, kenako holo yonse. Woimba ng'oma, kaya mwadala kaya manja anangomutsogolera, anawatsatira. Mtsikana anangoima pakati pa matumba ake. Bwana anadzuka, nakonza jekete lake, n'kutuluka.

Anthu amati ndinasangalala tsiku limenelo. Ayi. Ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana makosi a anthu oimba mwamphamvuwo, ambiri a iwo ndikuwadziwa kuti alowa ulere, mwa chibale kapena mwa udindo. Nyimbo ankaifuna, inde. Akanakhala kuti ankaponya kanthu m'chitini muja miyezi yonse ija, sitikanapita kukakhala pakhonde la munthu ngati opempha mchere. Anaimba, anaseka, anabalalika kukagula chipisi, natisiya ife ndi holo yosalipira.

Bwana sanayankhenso foni. Madzulo ake lole sinabwere, ndipo anzanga anachita kusonkherana za minibasi, ena kutsikira panjira n'kumalizitsa wapansi. Woyang'anira holo anatsekera ng'oma zathu ndi gitala m'chipinda chake, ati tikazitenge tikamaliza naye. Imodzi mwa ng'omazo anasema ndi malume anga omwe anatisiya. Ndikadutsa paholopo ndimamva a mapemphero akuimba, ndipo ndikukhulupirira kuti ng'oma ikulira m'katimo ndi yomweyo.

Panopa palibe amene wanena poyera kuti sewero latha. Kwathu kuno chinthu sichitha, chimangosiya kutchulidwa. Aphunzitsi anapempha kuti awasamutse, akudikira yankho. Mtsikana uja anasiya ndi kwaya yomwe, akuti anthu amamuseka pachitsime, ndipo zimenezi zimandipsetsa mtima kuposa zonse, chifukwa omusekawo sanaimepo pamaso pa anthu ngakhale kuwerenga mawu a Mulungu. Ine ndi mlamu timapatsana moni, timathandizana kupalira, koma za sewero sitikamba.

Sabata yatha ndinakumana ndi aphunzitsi panjira yopita kuchigayo. Anati tidikire tikumbe mbatata, mwina tingasonkhe n'kuwombola ng'oma, tiziseweranso pabwalo la tchalitchi ngati kale.

Ndinati, "Mbatata yake tikagulitsa kwa yani?"

Anakanda m'mutu, naseka pang'ono, koma ine sindinaseke. Ndinawauza kuti akawombola ng'oma ndidzabwera, ndipo pakhomo ndidzaima ndine, osati mlamu. Anati pabwalo la tchalitchi palibe khomo. Ndinasenza thumba langa n'kupitiriza ulendo, chifukwa magetsi akuchigayo sachedwa kuzima.