Munthu wachipewa wa mu laputopu

Dzulo ndinathamanga ndi ndowa ya madzi, ine wochenjerane, poganiza kuti nyumba ikupsa. Koma anali mwana wanga, akusewera gemu pa laputopu yotentha. Fungo lakelo linandibwezera kwathu ku Nsaru.

Ndili wamng'ono, msuweni wanga anabwera ndi laputopu yake. Inkapuma wefuwefu ngati wodwala. M'katimo munthu wachipewa ankathawa m'munda, akutsimphina ngati bambo anga, amene anapita ku maesiteti a fodya osabwerako.

"Asuweni, musawawombere!" ndinalira.

Anaseka, n'kuwombera. Munthuyo anagwa, makinawo n'kuzima okha chifukwa chotentha.

Ndinakafunsa a Nabanda, oyandikana nafe, ngati bambo afa. Anasiya kuswa mtedza, nayang'ana kunyumba kwathu.

"Mwanawe, wakuuza ndani? Paja amayi ako anati tidikire kaye."