Tsiku limene ndinali wa kwaya

Ntchito yanga inali yolondola amayi a m'kafukufuku wa mankhwala oteteza ana oyamwa ku HIV, ndipo lamulo lake loyamba linali kusunga pakamwa. Mayi akamalowa m'kafukufukuyu tinkamufunsiratu kuti, "Mukadzajomba, ife n'kubwera kwanu, tidzati ndife ndani?" Ena ankati msuweni, ena wogula nandolo. Galimoto ya chipatala sinkafika pakhomo pa munthu.

Mayi wina wa ku Chikweo anasankha kuti ndidzakhale mnzake wa kwaya. Ndinalemba ndikuseka, poti ine kutchalitchi kwathu ku Balaka amandipempha kuti ndizingoomba m'manja.

Ndiye anajombadi, kawiri konse. Mankhwala a mwana wake anali pafupi kutha, ndipo mwamuna wake sankadziwa kanthu. Ndinanyamuka pa Nselema pa kabaza, kotsalako n'kuyenda wapansi m'minda ya chinangwa, buku la nyimbo lobwereka lili m'manja.

Ndinamupeza akusenda chinangwa, mwana ali kumsana. Atandiona, mpeni unamupulumuka. Mwamuna wake anali pakhonde pomwepo, akumata chubu cha njinga.

"Awa ndi achemwali a kwaya," anatero mayiyo.

Chimene anaiwala kundiuza n'chakuti bamboyo ndiye ankaphunzitsa kwaya pampingo pawo.

"Takulandirani, mayi," anatero bamboyo. "Tatiyambitsireniko imodzi."

Ndinaimba ndime imodzi, thukuta lili kamukamu. Iye anangoweramira chubu chake. Manyazi anandigwira, koma mantha ndiwo anakula: banja la eni likanatha chifukwa cha ine.

Kuseri kwa nyumba mayiyo anandinong'oneza kuti zonamizira zamuthera. Ulendo uliwonse mwamuna wake ankafunsa kuti kuchipatala kukuchulukiranji chonchi mwana ali bwinobwino. Tinasiyana osapangana tsiku.

Mlendo amaperekezedwa, choncho bamboyo ananditsatira akukankha njinga. Titapitirira minda iwiri, anaima.

"Mayi, inu si wa kwaya."

Ndinafuna kupitiriza ulendo, koma iye anafunsanso.

"Mwanayu ali bwino?"

"Bambo, ine ndilibe chonena. Mukawafunse mayi akunyumba."

"Iyayi, sindiwafunsa. Akafuna adzanena okha. Kabotolo kamene amabisa m'dengu la ufa ndinakaona kalekale, ndipo katsala pang'ono kutha. Ingondiuzani tsiku."

Ndinalingalira za lamulo lathu, ndinalingaliranso za mwanayo. Ndinati, "Sikelo ya ana imakhala Lachinayi. Zimenezo aliyense amadziwa."

Lachinayi bamboyo anabweretsa mayi ndi mwana panjinga, mtunda wonse uja. Anawatsitsa pachipata, iye n'kukakhala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda mpaka atamaliza. Mwezi wotsatira chimodzimodzi. Ndikadutsa tinkangopatsana moni, ndipo mwana sanasowenso mankhwala.

Mwezi wachitatu ndikusanja makadi kuchipatala, ndinamva odi pakhomo. Anali bamboyo, chipewa chili m'manja. Kumbuyo kwake kunali mkazi wake, maso atafiira koma akumwetulira.

"Takambirana, achemwali," anatero mayiyo.

Bamboyo anatsokomola pang'ono. "Koyezetsa magazi n'kuti, mayi?"

Ndinadzuka kuti ndiwaperekeze, koma mayiyo anandiletsa ndi dzanja. Anamanga bwino mwana kumsana, n'kutembenukira kwa mwamuna wake.

"Tiyeni bambo, njira yake ine ndikuidziwa," anatero, natsogola.